Makampani a intaneti, akumanzere ndi chipani: zomwe osunga mwambo a ku America akudandaula

Pa 14 Okutobala 2020, patatsala milungu yosakwana itatu kuti anthu a ku America asankhe pulezidenti, nyuzipepala ya New York Post inatulutsa nkhani ya zomwe zinapezeka mu laputopu ya Hunter Biden, mwana wa Joe Biden amene ankapikisana ndi Donald Trump. Tsiku lomwelo Twitter inatseka njira yogawanirana nkhaniyo, moti ngakhale kutumizira mnzako mu uthenga wa awiriwiri sikunkatheka. Akaunti ya nyuzipepalayo inakhala yotsekedwa pafupifupi milungu iwiri. Facebook sinailetse, koma inachepetsa kufala kwake. Patapita miyezi, Jack Dorsey, amene anali mkulu wa Twitter, anavomera pamaso pa aphungu kuti kampani yake inalakwitsa. Mu Ogasiti 2024 nayenso Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analembera phungu Jim Jordan kalata yonena kuti Facebook sinkayenera kuipondereza nkhaniyo. Koma pomwe amavomerapo, mavoti anali atawerengedwa kalekale.

Mukafuna kumvetsa mkwiyo wa akumanja ku America, yambirani pamenepa. Akumanja kapena osunga mwambo ndi anthu amene amafuna boma laling'ono, misonkho yotsika, ufulu wa chipembedzo, banja lolimba, ndiponso oweruza otsata malamulo oyendetsera dziko monga analembedwera. Ambiri amavotera chipani cha Republican. Akumanzere amafuna boma lichite zambiri pochepetsa kusiyana pakati pa olemera ndi osauka, pakati pa mitundu, ndi pakati pa amuna ndi akazi, ndipo ambiri ali ku chipani cha Democratic. Ineyo mtima wanga umapendekera kwa osunga mwambo, ndipo nchifukwa chake ndikufuna nkhaniyi ilongosoledwe yonse, mbali yokoma ndi yowawa yomwe.

Dandaulo la kukondera silinayambe ndi laputopu. Mu 2014 Brendan Eich, amene anapanga chinenero cha pakompyuta cha JavaScript, anatula pansi udindo wa mkulu wa kampani ya mapulogalamu a intaneti ya Mozilla asanathe ndi milungu iwiri yomwe. Mlandu wake unali wakuti mu 2008 anapereka madola 1,000 ku kampeni yofuna kuti ku California ukwati ukhale wa mwamuna ndi mkazi basi, mfundo yomwe inapambana pa chisankho chaka chimenecho. Mu Meyi 2016 nyuzipepala ya pa intaneti ya Gizmodo inafalitsa zonena za anthu amene anagwirapo ntchito yosankha nkhani zotchuka pa Facebook, zoti nkhani za akumanja ankazisiya dala. Facebook inakana, koma mu Ogasiti inachotsa gulu la osankha nkhanilo. Mu 2017 Google inachotsa ntchito injiniya James Damore atalemba chikalata chotsutsa mfundo za kampaniyo pa nkhani ya kuchuluka kwa amuna ndi akazi pantchito. Mu Febuluwale 2021 Facebook inayamba kufufuta zolemba zonena kuti kachilombo ka Covid-19 kanapangidwa ndi anthu, kenako mu Meyi chaka chomwecho inasiya, boma la Biden litalamula azondi ake kuti afufuze gwero la kachilomboko. Ganizo lomwe mu Epulo linali bodza loyenera kufufutidwa, mu Juni linali funso loyenera kufunsidwa. Anthu amene anafufutiridwa zolemba zawo m'miyezi imeneyo sanaiwale.

Chimene chinawaopsa kwambiri chinachitika mu Januwale 2021, gulu la otsatira Trump litathyola nyumba ya malamulo ku Washington pa 6. Facebook ndi Twitter zinamutsekera Trump. Munthu akhoza kunena kuti zimenezo anaziputa yekha. Koma taonani zomwe zinagwera Parler, tsamba la mchezo lomwe akumanja ambiri anathawirako: Google ndi Apple anaichotsa m'malo awo otengera mapulogalamu a pafoni, ndipo Amazon inasiya kuisungira makompyuta oyendetsera tsambalo. M'masiku owerengeka Parler inazima. Kwa zaka zambiri akumanja ankauzidwa kuti ngati sakukondwa ndi Twitter apange yawo. Anapanga, ndipo makampani atatu anaizimitsa pa sabata imodzi.

Kuti timvetse chifukwa chake makampaniwa ali ndi mphamvu yotere, tibwerere ku milandu iwiri yakale. Mu 1991 khoti linagamula kuti kampani ya CompuServe ilibe mlandu pa mawu onyoza omwe wina analemba pa malo ake, chifukwa sinkayang'anira zolembedwazo. Mu 1995 khoti la ku New York linagamula kuti kampani ya Prodigy ingathe kuzengedwa mlandu wotere, chifukwa iyo inkayesetsa kuchotsa zonyansa, choncho inali ngati mkonzi wa nyuzipepala. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: wosesa pakhomo ndiye wolakwa, wosiya zinyalala ndiye wopulumuka. Aphungu awiri, Chris Cox wa Republican ndi Ron Wyden wa Democratic, analemba chomwe chinadzakhala Gawo 230 la lamulo la mu 1996. Gawoli likunena zinthu ziwiri. Choyamba, mwini tsamba asatengedwe ngati wofalitsa mawu omwe walemba ndi munthu wina. Chachiwiri, akachotsa ndi mtima wabwino zomwe akuziona kuti nzosayenera, asazengedwe mlandu.

Andale ambiri a kumanja amanena kuti lamuloli limafuna kampani ikhale yosakondera kuti itetezedwe. Mawu amenewo mulibe m'lamulomo. Ndipo ngakhale Gawo 230 litafafanizidwa mawa, ufulu wa kulankhula umene uli m'malamulo oyendetsera dziko la America umamanga manja a boma, osati a kampani. Umateteza nzika kuti boma lisaitseke pakamwa, komanso umateteza mwini nyuzipepala kuti boma lisamukakamize kusindikiza zomwe sakufuna. Apa mpamene nkhani imayamba kuvuta.

Nanga kukonderako kumalowera pati? Sindikhulupirira kuti kuli chipinda chamdima momwe mabwana amakhala nkumapangana kutseka pakamwa akumanja. Zomwe zimachitika nzosavuta kuziona, ndipo mwina nzoopsa kuposa chiwembu. Makampaniwa akhala ndi malikulu awo ku San Francisco ndi madera oyandikana nawo, komanso ku Seattle, komwe chipani cha Democratic chimapambana mosavuta. Zikalata za ndalama zothandizira andale, zomwe ku America zimaonekera poyera, zakhala zikusonyeza kuti ogwira ntchito m'makampaniwa amapereka kwambiri ku Democratic. Anthu amenewa ndi amene amalemba malamulo onena kuti mawu achidani ndi ati, bodza loopsa ndi liti. Munthu amene anzake onse amaganiza mofanana naye saona maganizo ake ngati a mbali imodzi. Amawaona ngati nzeru wamba. Choncho mkhristu wonena chiphunzitso cha mpingo wake pa za ukwati amaoneka ngati wachidani, pomwe womutukwana amaoneka ngati woteteza ofooka. Wofufutayo amagona tulo tabwino poganiza kuti wachita chilungamo.

Zimenezi zinaonekera poyera mu Febuluwale 2024 pamene Google inaimitsa kaye mbali ya pulogalamu yake ya Gemini yojambula zithunzi za anthu. Pulogalamuyo inali itakonzedwa kuti izionetsa mitundu yosiyanasiyana ya anthu, mpaka inkajambula asilikali a Germany a nthawi ya Hitler ngati anthu akuda. Palibe amene anafuna zimenezo, koma zinaonetsa kuti makina amanyamula zikhulupiriro za owakonza.

Pambali pa ogwira ntchito pali magulu a akumanzere omenyera mfundo zawo, ndipo awa anazindikira msanga pomwe pali mtsempha wa makampaniwa: ndalama za otsatsa malonda. Kumapeto kwa 2016 gulu la Sleeping Giants linayamba kujambula malonda a makampani amene ankaoneka pa tsamba la nkhani la akumanja la Breitbart nkumawafunsa poyera ngati akugwirizana ndi zolembedwazo. Makampani ochuluka anachotsa malonda awo. Mu Julayi 2020, George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, mabungwe monga NAACP, Anti-Defamation League ndi Color of Change anatsogolera kunyanyala kotchedwa Stop Hate for Profit, ndipo makampani oposa 1,000 anaimitsa kaye malonda awo pa Facebook. Njira imeneyi sifuna mavoti a aphungu kapena chigamulo cha khoti. Imangofuna anthu ochepa akhama, bwana woopa kuchita manyazi, ndi ogwira ntchito mkati amene akugwirizana ndi onyanyalawo. Mfundo yomwe ikanagonja pa chisankho imatha kukhala lamulo la anthu mabiliyoni kudzera m'malamulo a kampani. Kunyanyala si mlandu, ndipo akumanja nawonso anaphunzira: mu 2023 ananyanyala mowa wa Bud Light mpaka unasiya kukhala wogulidwa kwambiri ku America. Dandaulo langa ndi loti njirayi ikafalikira, munthu wamba amayamba kuopa kutchula zomwe amakhulupirira poopa kutha kwa ntchito, ndipo anthu amantha sakambirana, amangobisirana mkwiyo.

Tsopano mbali yomwe akumanja ambiri safuna kuimva. Mu Okutobala 2021 Twitter inafalitsa kafukufuku wake wa momwe makina ake osankha zoti anthu aone amakwezera mawu a andale m'mayiko 7. M'mayiko 6, kuphatikizapo America, andale a kumanja ndi amene ankakwezedwa kwambiri. Ku Germany kokha ndi kumene sizinali choncho. Mu 2024 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti maakaunti otsatira Trump pa chisankho cha 2020 ankatsekedwa kangapo kuposa a otsatira Biden, koma kuti ankagawananso kwambiri nkhani zochokera ku magwero osadalirika, ngakhale pamene oyeza kudalirikako anali anthu a Republican okhaokha. Ndiponso olankhula za ndale a kumanja monga Ben Shapiro ndi Dan Bongino kwa nthawi yaitali ankakhala pakati pa owerengedwa kwambiri pa Facebook. Sitinganene kuti akumanja anatsekedwa pakamwa pa intaneti. Chomwe tinganene motsimikiza nchakuti pa nthawi zingapo zofunika kwambiri, pamene anthu a m'makampaniwa anayenera kugamula ndi manja awo, anapendekera mbali imodzi, ndipo ena mwa magamulowo anali olakwika. Makina amakonda chilichonse chokwiyitsa anthu. Oyang'anira makinawo ndiwo anali ndi mbali.

Gwero lomwe limandidetsa nkhawa kuposa onse ndi boma. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022 pa madola 44 biliyoni, anatsegulira atolankhani ena mauthenga a mkati mwa kampaniyo. Zinaoneka kuti Jay Bhattacharya, panthawiyo pulofesa wa zachipatala ku yunivesite ya Stanford, amene ankatsutsa zotsekera anthu m'nyumba pa nthawi ya Covid-19, anaikidwa pa mndandanda woletsa zolemba zake kutchuka. Zinaonekanso kuti nthambi za boma zinkalumikizana ndi kampaniyo pafupipafupi. Zuckerberg m'kalata ija ananena kuti akuluakulu a boma la Biden anawapanikiza kwa miyezi kuti afufute zina zokhudza Covid-19, ngakhale nthabwala. Maboma a Missouri ndi Louisiana anasumira boma lalikulu, koma mu Juni 2024 Khoti Lalikulu, oweruza 6 kwa 3, linati osumawo sanasonyeze bwino kuti iwowo anavulazidwa ndi zochita za boma. Silinagamule kuti boma linalibe cholakwa. Mwezi umodzi izi zisanachitike, khoti lomwelo linagwirizana lonse pa mlandu wa bungwe la eni mfuti la NRA, lomwe linadandaula kuti mkulu woyang'anira makampani a zachuma ku New York ankakankha a inshuwalansi ndi mabanki kuti alisiye. Woweruza Sonia Sotomayor, wa kumanzere, analemba kuti wa boma saloledwa kukakamiza makampani kuti alange mawu omwe iye sakuwafuna. Mfundo yolimba ya osunga mwambo ili pamenepa: boma lisachite kudzera mwa kampani zomwe malamulo akuliletsa kuchita lokha.

Vuto nlakuti chipani cha Republican sichinaime pa mfundo imeneyi. Mu 2021 Florida ndi Texas, komwe kukulamulira a Republican, anapanga malamulo okakamiza masamba akuluakulu kusunga zolemba zomwe eni ake akufuna kuchotsa. Lamulo la Florida poyamba linapatula makampani amene ali ndi malo akuluakulu a zisangalalo m'chigawocho, ndipo aliyense anadziwa kuti akunena Disney; Disney itatsutsana ndi bwanamkubwa Ron DeSantis mu 2022, kupatulako kunachotsedwa. Mu Julayi 2024 Khoti Lalikulu linabweza milanduyi ku makhoti a m'munsi, koma linanena momveka kuti kusankha zoonetsa ndi zobisa ndi mtundu wa kulankhula umene boma silingaulamulire. Ndipo taganizani: mu 2023 akumanja anakondwera khoti lomwelo litagamula kuti boma la Colorado silingakakamize mayi wina wopanga mawebusayiti kulemba uthenga wa ukwati wotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Ngati boma silingakakamize mayiyo, lingakakamize bwanji Facebook? Ena amayankha kuti makampani aakulu chonchi ali ngati a matelefoni, oyenera kutumikira aliyense. Yankholi lili ndi nzeru, ndipo woweruza Clarence Thomas analikwezapo mu 2021. Koma mbiri ikuchenjeza. Kale ku America kunali lamulo lokakamiza mawayilesi kupereka mbali zonse za nkhani, ndipo litachotsedwa mu 1987, mu ulamuliro wa Ronald Reagan, ndi pomwe wayilesi za akumanja zinaphuka. Rush Limbaugh anayamba kumveka dziko lonse mu 1988. Woyeza kusakondera amakhala wa boma, ndipo boma limasintha manja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Apa mpamene nkhani ya makampani ikumana ndi ya kukhulupirika ku chipani. Edmund Burke, wandale wa ku Britain amene osunga mwambo amamutenga ngati kholo lawo, sankadana ndi zipani. Mu 1770 analemba kuti chipani ndi gulu la anthu ogwirizana kutumikira dziko potsata mfundo yomwe onse akuivomereza. Mfundo ndiyo imayamba, gulu limatsatira. Mu 1774 anauza ovota a ku Bristol kuti phungu ayenera kuwapatsa nzeru zake zoweruzira zinthu, osati kungovomera zilizonse zomwe akufuna. Mwambo umenewu unaonekanso ku America. Mu 1962 William F. Buckley, mkonzi wa magazini ya osunga mwambo ya National Review, anadzudzula poyera Robert Welch wa bungwe la John Birch Society, amene ankanena kuti pulezidenti Eisenhower anali chida cha achikomyunizimu, ngakhale ankadziwa kuti ataya owerenga. Pa 7 Ogasiti 1974 Barry Goldwater ndi atsogoleri ena awiri a Republican anapita kukauza Richard Nixon, pulezidenti wa chipani chawo, kuti alibenso mavoti omupulumutsa. Mawa lake Nixon analengeza kuti akutula pansi.

Olimbikitsa kukhulupirika nawonso ali ndi mfundo, ndipo si yachibwana. Reagan ankakonda kunena za lamulo la khumi ndi chimodzi, loti wa Republican asanyoze mnzake wa Republican. M'nyumba ya Senate muli mipando 100, ndipo voti imodzi imasintha mbiri. Mu Julayi 2017 phungu wa Republican John McCain anavota motsutsana ndi chipani chake, ndipo ntchito yochotsa lamulo la zaumoyo la Obama, yomwe chipanicho chinalonjeza kwa zaka 7, inagwa ndi mavoti 49 kwa 51. Wovota amene anakhulupirira lonjezolo ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti anavoteranji. A Democratic nawonso salekerera: mu Januwale 2022 chipani chawo ku Arizona chinadzudzula phungu wawo Kyrsten Sinema chifukwa chokana kusintha malamulo a Senate, ndipo pakutha kwa chakacho anali atachoka m'chipanimo.

Chomwe chasintha ndi chinthu chomwe munthu akuyenera kukhala wokhulupirika kwa icho. Mu 2020 chipani cha Republican sichinalembe ndondomeko yatsopano ya mfundo zake. Chinasunga ya 2016 nkunena kuti chikuchirikiza zolinga za Trump. Mwa aphungu 10 a Republican amene anavota kuti Trump azengedwe mlandu mu Januwale 2021, awiri okha ndi amene anabwerera ku nyumba ya malamulo pambuyo pa chisankho cha 2022. Liz Cheney, mmodzi mwa aphungu 10 aja, ankavota mogwirizana ndi mfundo za Trump kawirikawiri kuposa Elise Stefanik, koma mu Meyi 2021 anachotsedwa pa utsogoleri, Stefanik nkulowa m'malo mwake, ndipo mu Ogasiti 2022 Cheney anagonja moonekeratu pa chisankho chachipulula ku Wyoming. Mukhoza kutsutsana naye Cheney pa zambiri, ndipo alipo osunga mwambo enieni amene amatsutsa maganizo ake pa za nkhondo za kunja. Koma sanachotsedwe chifukwa cha misonkho, mfuti kapena kuchotsa mimba.

Chimayendetsa zimenezi ndi kapangidwe ka zisankho. Madera ambiri a aphungu ndi otetezeka kwa chipani chimodzi, choncho phungu saopa wa chipani china. Amaopa wa m'chipani chake pa chipulula, pomwe amavota ndi anthu ochepa koma otentha mtima. Ndalama za kampeni nazo zimabwera pang'onopang'ono kuchokera kwa anthu zikwizikwi pa intaneti, ndipo amapereka akakwiya. Makina omwewo amene akumanja amawadandaula ndi amene amakweza wandale wotukwana, nkukwirira wolankhula modekha. Phungu wofuna kufotokoza kuti Gawo 230 silinena zomwe anthu akuganiza amapatsidwa dzina la RINO, kutanthauza wa Republican wa dzina lokha, asanamalize chiganizo.

Kuyambira 2022 zinthu zatembenuka. Musk anabwezeretsa akaunti ya Trump, koma mu Disembala 2022 anatsekeranso atolankhani angapo amene ankalemba za akaunti yotsata ndege yake; kenako mu 2024 anathira ndalama zoposa madola 200 miliyoni pothandiza Trump. Pa 7 Januwale 2025 Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, inalengeza kuti ikuthetsa ku America ntchito ya ofufuza zoona ochokera kunja kwa kampani. Pa mwambo wolumbiritsa Trump mwezi womwewo, Zuckerberg, Musk, Jeff Bezos wa Amazon ndi Sundar Pichai wa Google anakhala malo aulemu. Makampaniwa amatsata komwe kuli mphamvu, ndipo mphamvu ikadzabwerera kwa akumanzere adzatembenukanso. Nchifukwa chake sindikondwera ndi kusinthaku monga ena akukondwerera. Chomwe chingateteze munthu wamba ndi malamulo osasintha ndi chisankho: kukakamiza boma kuulula pempho lililonse lomwe lapereka ku kampani lokhudza zolemba za nzika, kupatsa wofufutiridwa chifukwa chake ndi mwayi wochita apilo, ndi kutsegula mpikisano kuti makampani awiri a mafoni, Apple ndi Google, asakhale ndi makiyi a khomo lokhalo.

Tsiku loyamba pampando, pa 20 Januwale 2025, Trump anasaina lamulo loletsa ogwira ntchito m'boma kupondereza ufulu wa kulankhula. Pasanathe miyezi 8, Charlie Kirk, mmodzi mwa atsogoleri achinyamata a kumanja, anawomberedwa nkufa akuyankhula ndi ophunzira ku Utah. Wanthabwala Jimmy Kimmel analankhula za kuphedwako mawu amene anapweteka ambiri, ndipo inenso ndinawaona kuti ngosayenera. Pa 17 Seputembala Brendan Carr, mkulu wa bungwe la boma lopereka ziphaso za mawayilesi ndi ma TV, ananena poyera kuti makampani angathe kuthana ndi nkhaniyo mwa njira yofewa kapena yowawa. Madzulo a tsiku lomwelo wayilesi ya kanema ya ABC inaimitsa pulogalamu ya Kimmel, ndipo inabwerera pa 23. Ichi nchimodzimodzi chomwe Missouri ndi Louisiana anasumira boma la Biden, kungoti tsopano wopanikizayo ndi wa Republican. Ted Cruz, phungu wa Republican wa ku Texas, amene sagwirizana ndi Kimmel pa chilichonse, anati zomwe Carr anachita nzoopsa, ndipo anachenjeza kuti a Democratic akadzalowanso m'boma adzagwiritsa ntchito mphamvu yomweyo pa akumanja. Rand Paul naye anadzudzula. Ambiri m'chipanimo anakhala chete kapena anaombera m'manja.